Musanyoze foni yanu, akuisenzetsa katundu wa lole

Amwene, nkhani iyi ndi yaitali, koma amene muli ndi bandulo ya WhatsApp yokha musade nkhawa, ndi malemba okhaokha, mulibe chithunzi olo chimodzi.

Pali bodza limene tonse tinalimeza, kuyambira ku Msaka mpaka ku Makanjira, ndipo ndalipezanso kuno ku Thyolo komwe ndikugwira ganyu ya injini za mapampu pa esiteti ina miyezi ino. Bodza lake ndi lakuti foni ikauma pa tsamba la pa intaneti, wolakwa ndiwe. Akuti foni yako ndi yotchipa. Akuti wadzazamo zinthu. Akuti yalowa vayirasi, pita nayo akaiflashe. Apo ayi timangoti "ndi netiweki" n'kukhala chete, ngati tikunena za mvula, chinthu choti sungachiimbe mlandu. Ine ndikukana. Nthawi zambiri wolakwa ndi amene anapanga tsambalo, komanso bwana amene analilandira n'kulipira osaliyesa pa foni ya munthu wamba.

Ine si wa makompyuta, mukundidziwa. Sukulu ndinalekera Folomu 4, ntchito yanga ndi injini za maboti. Koma makaniko aliyense amadziwa funso loyamba injini ikamabuula: vuto lili m'kati mwake, kapena pa zimene yasenza? Tengani Yamaha Enduro ya 15, muyiike pa boti lodzaza alovi, chilimira chonyowa, usipa mpaka m'milomo, mwera uli kutsogolo. Ilira movutika, boti osasuntha. Wosadziwa amati injini yatha, amagula pulagi yatsopano, amatsukitsa kabureta, ndalama kutha. Bambo anga amangoyang'ana pomwe madzi afika pa thabwa la boti n'kunena kuti tsitsani katundu. Ndi maso amenewo ndinayamba kuwerenga za mafoni athuwa, usiku kuno kukamazizira ndi chiperoni, ndipo zimene ndapeza zandikwiyitsa.

Tisiyanitse kaye zinthu zimene timaziunjika m'mawu amodzi akuti netiweki. Pali msewu, ndiye netiweki yeniyeniyo, ya TNM kapena ya Airtel. Pali nyumba imene tsamba likuchokera, kompyuta ya eni ake imene amaitcha seva. Ndiye pali ntchito imene foni yako iyenera kugwira katunduyo akafika. Msewu ukhoza kuipa, zoona, kuno ukangotsetsereka m'chigwa pakati pa minda ya tiyi ka 4G kamathawa n'kutsala ka E kaja. Seva nayo ikhoza kugwa anthu akaunjikana. Koma taonani ichi. Tsamba latseguka, mawu ukuwaona, batani ukuliona, ukulidina osamva, ukudinanso osamva, kiyibodi ikutuluka pakapita nthawi, zilembo zikubwera mochedwa ngati zakwera Ilala kuchokera ku Likoma. Pamenepo msewu unamaliza ntchito yake kale. Olo uzimitse data, foni ikhalabe youma kwa kanthawi. Katundu wafika, ndipo ndi amene akuthyola msana wa foniyo.

Kuno ndaona chinthu chimene chikufotokoza bwino nkhaniyi. Othyola tiyi amalowa m'munda m'mamawa, dengu kumsana, ndipo nthawi yoyeza ikakwana amandandalika pa sikelo. Kalaliki ndi mmodzi. Amapachika, amawerenga, amalemba, wina abwere. Aliyense akamatenga kamphindi kochepa mzere umayenda, palibe wodandaula. Tsono yerekezani kuti wina wafika ndi ngolo yonse ya thirakitala n'kunena kuti kalaliki awerenge tsamba limodzilimodzi asanathandize wina aliyense. Mzere wonse waima. Kalaliki sanafe, sanagone, akugwira ntchito thukuta lili kamukamu, koma iwe wa dengu limodzi sakukuona.

M'kati mwa Chrome, kapena browser ina iliyonse, tsamba limakhala ndi kalaliki mmodzi woteroyo, akatswiri amamutcha main thread. Iyeyo ndiye amawerenga tsamba, amawerengera pomwe liwu lililonse ndi batani lililonse likhale, amayendetsa malamulo olembedwa m'chinenero cha JavaScript, ndipo ndi yemweyonso amene amalandira chala chako ukadina. Sagwira ziwiri nthawi imodzi. Wopanga tsamba akamupatsa chintchito chachitali cha JavaScript, chala chako chimaima pa mzere kudikira. N'chifukwa chake pena tsamba limayenda ukamalikoka, poti kukoka kuli ndi wothandizira wake, koma batani la kutumiza osamva. Ndipo usandiuze kuti foni yanga analemba pa bokosi kuti ili ndi ma core anayi kapena eyiti. Amenewo ndi makalaliki ena amene angokhala pa mthunzi. Njira yowapatsira ntchito ilipo, imatchedwa Web Worker, koma wopanga tsamba ayenera kuchita kufuna. Ambiri safuna kuvutika.

Mvetserani manambala, chifukwa apa ndi pomwe ndinaona kuti timapusitsidwa. Sikirini ya foni wamba imajambulidwa mwatsopano ka 60 pa sekondi imodzi. Sekondi mukaigawa ka 1000, kachidutswa kalikonse ndi millisecond, ndiye kuti kalaliki uja ali ndi ma millisecond 16 okha kuti akonze chithunzi chotsatira. Ntchito iliyonse yopitirira ma millisecond 50 akatswiri amaiwerenga kale kuti ndi yaitali. A Google eni ake a Chrome amati tsamba labwino liziyankha chala pasanathe ma millisecond 200, ndipo likapitirira 500 ndiye kuti lalephera. Muyeso umenewu, wotchedwa INP, anaulowetsa m'gulu la miyeso yawo ikuluikulu mu Malichi 2024. Theka la sekondi, kwa iwo, ndi kulephera! Ife timadikira mpaka madzi a tiyi kuwira, tsamba likayankha n'kumati Mulungu ndi wabwino.

JavaScript payokha si mfiti ayi. Anailemba Brendan Eich mu 1995 ku kampani ya Netscape, m'masiku khumi okha, kuti izichita tintchito ting'onoting'ono pa tsamba. Vuto ndi lakuti lero anthu akumanga nayo nyumba yonse pomwe pamafunika chisakasa. Fomu ya mafunso khumi ndi awiri, dzina, boma, mfumu yaikulu, nambala ya chitupa, koma isanaoneke foni iyenera kukoka chimulu cha malamulo, kuchimasulira, kuchiyendetsa, kenako ndiye ijambule kabokosi kolembamo dzina. Umalipira kawiri. Koyamba ndi bandulo pokoka, kachiwiri ndi mphamvu ya foni pogaya. A HTTP Archive, amene amayeza masamba mamiliyoni, anapeza kuti pofika 2022 tsamba lapakatikati lotsegulidwa pa foni linali litafika ma megabyte awiri. Kalata yonse ino mukuwerengayi siikwana ma kilobyte 20. Tsamba limodzi, makalata ngati ino oposa 100.

Tsono funso limene ambiri mumandifunsa pa gulu: chabwino tsamba laima, nanga bwanji foni yonse? Bwanji nyimbo zikuzima, WhatsApp kutsekeka, olo batani lobwerera kunyumba osamva?

Chrome itatuluka mu 2008, chimene anadzitama nacho kwambiri chinali chakuti tab iliyonse ili ndi chipinda chakechake, ina ikapenga zinzake zisagwe nayo. Pa kompyuta yamphamvu zimatheka ndithu. Koma zipinda zonsezo zimamwa pa chigubu chimodzi. Chigubucho ndi RAM, malo ogwirirapo ntchito, osati aja mumasungamo mavidiyo ayi. Anthu ambiri amasokoneza ziwirizi, amafufuta zithunzi za ukwati poganiza kuti foni ipepuka. Mafoni athu ambiri, ma itel ndi ma Tecno otsika mtengo, ali ndi RAM ya 1 GB kapena 2 GB, ndipo gawo lalikulu Android imadyeratu yokha isanakupatse moni. Tab imodzi yadyera ikayamba kumeza zotsalazo, Android imachita zimene woyendetsa boti amachita madzi akayamba kulowa: imataya katundu m'nyanja. Imapha mapulogalamu amene ali kumbuyo, imafinya zotsala kuti zikwane, ndipo kufinyako kumadyanso mphamvu ya purosesa imene yatanganidwa kale. Foni imatentha. Ikatentha imadzichepetsa yokha liwiro kuti isapse, ngati injini zikuluzikulu zija zimene zimadzitsitsa moto madzi oziziritsa akasiya kuzungulira. Ndiye kalaliki amene anali kale ndi ngolo yonse, pano akuwerenga mochedwa kuposa poyamba.

Chithunzi nachonso chimanamiza. Cha kamera ya 13 megapixel chimaoneka ngati ma megabyte atatu kapena anayi chikakhala chosungidwa. Koma foni ikachitambasula chonse m'kati kuti igwire nacho ntchito, kadontho kalikonse kamatenga ma byte anayi, ndiye chitani masamu: ma megabyte 52. Chilimira chopinda chimakwana m'boti, chotambasula chimazinga nyanja.

Ndikuuzeni zimene ndaona ndi maso anga, kuti musamati ndikungobwebweta za m'mabuku. Pafupi ndi pomwe ndimagona pali mayi wina wothyola tiyi, mwana wake wamkazi anakhoza bwino MSCE. Amafuna malo pa koleji ina, ndipo fomu yake ndi ya pa intaneti basi, ya pepala anaithetsa. Dzina la kolejiyo sinditchula, poti si yokhayo. Mtsikanayu anabwera kwa ine chifukwa kuno ukangogwira sipanala amati umadziwa chilichonse. Tinakwera pamtunda pomwe netiweki imagwira bwino, mizere yonse yodzaza. Tsamba kutseguka, choyamba kubwera ndi zithunzi zikuluzikulu zosinthana zokha, nyumba ya ofesi, akuluakulu atavala masuti akudula riboni. Fomu ili pansi penipeni. Analemba zonse bwinobwino, pang'onopang'ono poti chilembo chilichonse chimachita kudikirika. Pofika poti aike chithunzi cha satifiketi, anadina, kamera inatseguka, anajambula. Pobwerera ku Chrome, tsamba layambanso pachiyambi. Mbee, palibe olo dzina. Android inali itapha tab ija kuti kamera ipeze malo. Kachiwiri chimodzimodzi. Kachitatu tinajambuliratu chithunzi, zinadutsa, koma anafuna nambala yachinsinsi yobwera pa SMS, ndipo kungotuluka kukaiwerenga, fomu yafufutikanso. Bandulo inathera pomwepo.

Mawa lake anakwera kabaza, kenako minibasi, kukalipira pa kafe ku Luchenza, tsiku lotseka litatsala pang'ono. Ndalama imeneyo inachokera m'dengu la mayi ake, makilogalamu a masamba othyoledwa m'mame. Ndipo chondiwawa kwambiri ndi chakuti mtsikanayo amapepesa. Amati foni yangayi ndi yachabechabe. Wina anali atamuuza kale mtengo woiflashira.

Foniyo inalibe vuto. Wopanga fomu akanatha kusunga zimene munthu walemba pa sitepe iliyonse, browser ili ndi malo osungiramo zoterezi, ndi ntchito yochepa kwa munthu woidziwa. Akanatha kuigawa fomuyo m'timasamba tating'ono topepuka. Akanatha kuchotsa zithunzi za riboni. Sanachite chifukwa iye anaiyesa pa laputopu, pa Wi-Fi ya mu ofesi, n'kuona kuti ikuuluka. Bwana naye anaitsegula pa foni yake ya mtengo wa boti, n'kuona nkhope yake ikutsetsereka bwino pa sikirini, n'kusaina cheke.

Ndikudziwa ena muyankha kuti amwene, dziko likupita patsogolo, gulani foni yabwino. Ndi chiyani? Mu Meyi 2022 kwacha inagwetsedwa ndi 25 peresenti, mu Novembala 2023 ndi 44 peresenti, ndipo foni iliyonse m'dziko muno imachokera kunja, monga ma pisitoni ndi ma impela amene ndimagula ine. Mukudziwa nokha mmene mitengo inakwerera. Ndipo tamvani izi. Chrome ya pa Android inali ndi Lite mode, imene imachepetsa kulemera kwa masamba kuti data isathe msanga. Mu Malichi 2022 anaichotsa, ati chifukwa mtengo wa data watsika m'mayiko ambiri. Patangopita miyezi iwiri, kwacha pansi. Amene amapanga zisankho zotere sakhala pa mzere wa sikelo, ndipo ine sindikuyembekezera kuti munthu wa ku California aziganizira za Thekerani. Koma Mmalawi mnzathu wokhala ku Blantyre, amene agogo ake ali ku Thekerani komweko, ameneyo ndiye ndikumufunsa.

Enanso muti ndi mapiri a ku Thyolo, netiweki yake ndi yovuta. Ndavomera kale. Koma msewu ukakhala wamatope ndi pomwe umachepetsa katundu, suwonjezera. Kuvuta kwa netiweki ndi chifukwa china chopangira tsamba lopepuka, si pobisalira.

Chimene chimandiseketsa ndi chakuti kuno ku tiyi nkhani ya kulemera amaidziwa kuposa wina aliyense. Kaya ndi ku Satemwa, esiteti imene yakhalapo kuyambira 1923, kaya ku Conforzi, ku Naming'omba, ku Makandi, lamulo la kathyoledwe kabwino ndi limodzi: masamba awiri ndi kansonga. Ukadzaza dengu ndi masamba okhwima ndi timitengo kuti lilemere, kapitawo akubweza. Ku fakitale nako, makilogalamu anayi kapena asanu a masamba aawisi amatulutsa kilogalamu imodzi yokha ya tiyi wouma, chifukwa palibe amene angalipire lole kunyamula madzi kupita nawo ku okushoni ku Limbe, kenako ku South Africa kapena ku UK. Mayi wosapita kusukulu amabwezedwa chifukwa cha kamtengo m'dengu. Koma munthu wa digiri amatumiza timitengo ndi madzi ma megabyte angapo m'foni ya mwana wa mayi yemweyo, pa bandulo ya mayi yemweyo, ndipo palibe kapitawo womubweza.

Musaganize kuti kupepuka ndi zinthu za amphawi zokha. Boma la UK lili ndi tsamba lake la GOV.UK, pomwe anthu amapezapo zithandizo za boma. Mu 2022 anachotsapo chida china cha JavaScript chotchedwa jQuery, cholemera ma kilobyte pafupifupi 30 okha, n'kuyeza, n'kupeza kuti amene apindula kwambiri ndi a mafoni ofooka ndi netiweki yochedwa. Dziko lolemera likulimbana ndi ma kilobyte 30, ife tikumwaza ma megabyte ngati mpunga wa pa ukwati. Facebook anatulutsa Facebook Lite mu 2015 chifukwa anadziwa kuti akapanda kutero ataya anthu ngati ife, ndipo kwa iwo ndife ndalama. Ndipo taonani *211# ya Airtel Money ndi *444# ya Mpamba. Ndalama zenizeni, za usipa wa basiketi zambirimbiri, zimayenda pa foni ya mabatani ya agogo, popanda chithunzi, popanda intaneti. Pomwe akufuna ndalama yako, njira amaipeza yopepuka. Pomwe iwe ndiye ukupempha, kaya malo a sukulu, kaya ntchito, kaya ngongole, ndi pomwe amakuuza kuti ugule foni ina. Fomu yolemera ndi mpanda, imasankha anthu mayeso asanayambe. Wa laputopu wadutsa, wa itel watsala, ndipo pa lipoti adzalemba kuti achinyamata akumidzi alibe chidwi.

Pakadali pano, poti fomuzo sizisintha mawa, dzitetezeni. Musapereke ndalama yoflashitsa foni chifukwa cha tsamba limodzi louma. Yesani kaye tsamba lina lopepuka, ngati Wikipedia, likayenda bwino dziwani kuti foni ilibe mlandu. Ma cleaner ndi ma booster aja achotseni, amapha mapulogalamu amene amadzukanso okha pompo, iwonso akudya RAM yomweyo n'kumakuonetsani zotsatsa malonda. Ndi chimodzimodzi kuthira madzi mu petulo kuti achuluke. Musanayambe fomu yofunika, zimitsani foni n'kuyatsanso, tsekani ma tab onse, makamaka a kubetcha ndi a mpira waulere aja amene amadzaza mavidiyo odziyatsa okha. Satifiketi ijambulirenitu, muichepetse, njira yachidule ndi kudzitumizira nokha pa WhatsApp poti imafinya zithunzi, bola muonetsetse kuti malemba akuwerengeka. Mayankho aatali lembanitu pena n'kumangokopera. Nambala ya pa SMS iwerengeni pa kauthenga kotsika pamwamba, osatuluka mu Chrome. Ndipo foni isakhale padzuwa kapena pa chaja nthawi imeneyo, kutentha ndi mdani. Opera Mini imathandiza powerenga nkhani chifukwa imafinya masamba asanafike kwa inu, koma pa mafomu pena imasokoneza mabatani, samalani nayo.

Izitu ndi zigamba chabe, ngati kumanga payipi ya mafuta ndi mphira kuti ufike kumtunda. Kukonza kwenikweni kuli m'manja mwa opanga masamba ndi amene amawalemba ntchito. Achimwene a makompyuta, ndikudziwa ena muli pa magulu omwe kalatayi ifike. Mu Chrome ya pa laputopu yanuyo, mu DevTools, muli posankha kuti purosesa ichedwe kanayi kapena kasanu ndi kamodzi, muli posankha netiweki yochedwa ngati ya kumudzi. Ndi zaulere, simulipira olo tambala. Koma ine ndikupempha zoposa pamenepo. Gulani itel ya 1 GB pa msika wa Limbe, muikemo bandulo ya tsiku limodzi yogula ndi ndalama ya m'thumba mwanu, mukwere minibasi mudutse Bvumbwe, mutsike pa siteji iliyonse ya m'minda ya tiyi, mudzaze fomu yanuyo kuyambira dzina mpaka batani lotumiza, kuphatikizapo chithunzi ndi nambala ya pa SMS. Ndipo inu mabwana olipira, lembani zimenezi mu kontirakiti, cheke chizituluka fomu ikadutsa pa foni imeneyo. Ine injini ndikaikonza mwini wake salipira ili pa thebulo, timakayesa pamadzi boti litasenza.

Amene muli ndi m'bale wopanga mawebusayiti, kapena wogwira ntchito mu ofesi yolandira mafomu, mutumizireni kalatayi. Ndipo amene fomu inakufufutikiranipo chonchi, lembani pa gulu mtundu wa foni yanu ndi RAM yake, ili pa Settings pomwe analemba About phone, tione ngati si mafoni omwewomwewo.